Phiri silikhala ndi nyale: mmene ndege zazing'ono zimawombera mapiri usiku

Madzulo a pa 23 Novembala 2011, kumwamba kwa mzinda wa Mesa, m'chigawo cha Arizona ku America, kunali mbee, kopanda mtambo. Nthawi itatsala pang'ono kukwana hafu pasiti sikisi, ndege ya injini ziwiri ya mtundu wa Aero Commander 690A inanyamuka pabwalo la Falcon Field kulowera ku Safford, ulendo wosakwana ola limodzi. Munali anthu 6: akuluakulu atatu ogwira ntchito za ndege, ndi ana atatu aang'ono amene bambo awo anabwera kudzawatenga kuti akadyere limodzi chikondwerero cha Thanksgiving. Patangopita mphindi pafupifupi zisanu, ndegeyo inawomba thanthwe m'mapiri a Superstition ndipo onse anafera pomwepo.

A bungwe la NTSB, lomwe limafufuza ngozi za maulendo ku America, atasanthula zotsala za ndegeyo sanapeze chosonyeza kuti injini zinazima kapena kuti chiwongolero chinakanika. Zimene makina a radar anasunga zikuonetsa mzere wowongoka bwino. Ndege inakwera kufika mafiti 4,500, omwe ndi mamita pafupifupi 1,370 kuyezera pa nyanja yamchere, n'kukhazikika pamenepo, osakhota, osakweranso, mpaka pathanthwe. Nsonga ya phirilo imapitirira pang'ono mafiti 5,000. Woyendetsa sankalimbana ndi vuto lililonse. Ankayendetsa ndege yabwinobwino kulunjika pa chinthu chimene sankachiona, chifukwa usiku umenewo kunalibe mwezi.

Ambirife tikamva kuti ndege yaing'ono yagwa m'mapiri usiku timathamangira kuganiza za injini, mafuta kapena mkuntho. Zimenezo zimachitikadi, ndipo injini ikazima usiku pamwamba pa mapiri, kupeza potera n'kovuta zedi. Koma ngozi imene imandipweteka mtima kwambiri ndi iyi imene akatswiri amaitchula kuti CFIT, pomwe ndege yopanda vuto, ili m'manja mwa munthu wamaso ndi wanzeru zake, imakadzimenya yokha paphiri. Imandipweteka chifukwa nthawi zambiri imachitika usiku wanyengo yabwino. Kukakhala mvula ndi ziphaliwali, woyendetsa amachita mantha n'kusamala kapena kungogona pansi. Kukakhala nyenyezi zokhazokha, mtima umakhala m'malo, lamulo limamulola kuyendera maso, koma maso akewo sangamuonetse phiri.

Tiyambe ndi diso lenilenilo. Kuseri kwa diso kuli timaselo ta mitundu iwiri. Tina tinaunjikana pakati, ndipo ndi timene timationetsa mitundu ya zinthu ndi tizilembo ting'onoting'ono, koma timafuna kuwala kokwanira. Tina tinamwazikana m'mbali, ndipo ndi timene timagwira ntchito mumdima. Tamumdimati timatenga mphindi pafupifupi 30 kuti tizolowere bwino, koma kuwala kwamphamvu kwa kanthawi kochepa, kaya ndi tochi kaya foni, kumatibwezera m'mbuyo. Woyendetsa amene wangochoka m'chipinda chowala magetsi, wayendera ndege yake ndi tochi, kenako wakhala kutsogolo kwa magalasi owala a zipangizo, amanyamuka maso ake asanakonzeke. Choipa china n'chakuti mumdima pakati pa diso pamakhala ngati pakhungu. Chinthu chosawala chimene mwachilunjika ndi maso ndi chimene chimasowa, ndipo chimene chili kutsogolo kwenikweni kwa ndege ndi chimene munthu amachilunjika. N'chifukwa chake ophunzira kuyendetsa ndege amauzidwa kuti usiku aziyang'ana cham'mbali pang'ono mwa chinthu chimene akufuna kuona.

Timaselo tamumdimati timafookanso msanga okosijeni akachepa. Masana munthu wathanzi sazindikira kusintha kulikonse pa mafiti 5,000, koma usiku maso amakhala atayamba kale kuchepa mphamvu, moti bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America, limalangiza oyendetsa ndege zazing'ono kuti usiku aziyamba kupuma okosijeni wa m'botolo akapitirira pamenepo. Wosuta fodya ndi wotopa zimawayambira msanga.

Komabe ngakhale diso litakhala lakuthwa chotani, silingaone chinthu chimene sichikuwala ndiponso palibe chikuchiwalitsa. Apa ndi pamene pagona nkhani. Oyendetsa ndege akamva kuti usiku uno munthu atha kuona mtunda wa makilomita 50, zimenezo n'zoona pa magetsi okha. Tauni imaoneka patali, misewu ikuluikulu imaoneka, nsanja za mafoni zimaphethira. Phiri lilibe nyumba, lilibe msewu, lilibe nyale. Kumwamba kuli bii, pansi pali bii, phiri nalonso lili bii, ndipo malire a zitatuzi saoneka. Amene anayendapo pagalimoto usiku mumsewu wa M1 amaidziwa lole yofa imene yaima mumsewu yopanda nyale: simuiona iyoyo, mumangozindikira kuti magetsi a galimoto yochokera kutsogolo azimirira mwadzidzidzi. Phiri nalo limadziulula motero. Woyendetsa akamaona magetsi a tauni ili kutsogolo akuyamba kuzima mmodzimmodzi kuyambira m'munsi, ngati wina akukoka nsalu yakuda kuikweza, ndiye kuti pakati pa iye ndi tauniyo pali mtunda wotalika kuposa pomwe iye ali, kapena mtambo. Chizindikiro chimenechi n'chofunika kwambiri, koma chimagwira ntchito pokhapokha kuseri kwa phiri kukakhala magetsi. Kum'mawa kwa Mesa, kuseri kwa mapiri a Superstition, ndi chipululu. Ndege ija inachoka pa nyanja ya magetsi a mzinda waukulu wa Phoenix, woyandikana ndi Mesa, n'kuloza kumene kunalibe nyale yoti izime.

Mwina wina angafunse za nyale za ndege yomweyo. Nyale zimenezo n'zoterera pabwalo, ndipo zimaunika pafupi. Ndege yothamanga makilomita 360 pa ola imadutsa mamita 100 pa sekondi iliyonse. Thanthwe likamaonekera m'kuwala kwa nyalezo, nthawi yotsala siikwana ngakhale yoti dzanja likoke chiwongolero ndege n'kumvera.

Tsono n'chifukwa chiyani lamulo limalola zimenezi? Pali njira ziwiri zoyendetsera ndege. Ya VFR ndi yoyendera maso: woyendetsa amadzisankhira njira ndi msinkhu wowulukira, ndipo udindo wopewa mapiri ndi ndege zina ndi wake. Ya IFR ndi yoyendera zipangizo, motsogozedwa ndi oyang'anira kayendedwe ka ndege, m'njira zoyezedwa kale. Pa IFR malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, amafuna kuti m'dera lamapiri ndege ikhale mamita osachepera 600 pamwamba pa chinthu chachitali kwambiri chopezeka m'makilomita 8 kuzungulira pamene ili. Kunena kwina, pa IFR munthu wina anakhala pansi kale ndi mapu n'kuwerengera phiri lililonse. Pa VFR wowerengera ndi woyendetsa yekha, ndipo ngati sanawerengere, palibe amene wamuchitira. Ku America munthu wa laisensi wamba amaloledwa kuyenda usiku pa VFR ataphunzira maola atatu okha ausiku, kuphatikizapo kunyamuka ndi kutera maulendo 10. Maiko ena, monga South Africa, Britain ndi Canada, amafuna chilolezo chapadera cha usiku. Ineyo ndimaona kuti maiko amenewa ndi amene anaiona bwino nkhaniyi, chifukwa usiku wopanda mwezi kudera lopanda anthu susiyana kwenikweni ndi m'kati mwa mtambo, ngakhale pepala la zanyengo likunena kuti kunja n'kwabwino.

Pa ngozi ya ku Superstition panalinso kanthu kena kakang'ono kamene kakusonyeza mmene zinthu zimalumikizirana. Ndege itangonyamuka, a pansanja yoyang'anira ndege pabwalopo anauza woyendetsa kuti ayambe wapitirira kutsogolo osakhota, chifukwa kunkabwera ndege ina. Pamene anamulola kukhota, anali atasuntha kale, moti mzere wolunjika ku Safford kuchokera pamenepo unkadutsa paphiri. Pamwamba pa ndegeyo panali dera la ndege zikuluzikulu zotera ku Phoenix, lomwe malire ake am'munsi anali pa mafiti 5,000, ndipo kulowamo kumafuna chilolezo. Iye sanapemphe chilolezocho, sanapemphenso oyang'anira kuti azimutsatira pa radar. Anangokhala pansi pa denga limenelo, pa mafiti 4,500. Ofufuza anatchula kuzolowera ndi kutayirira kwa woyendetsa ngati zina mwa zimene zinathandizira ngoziyi.

Chimene chimateteza munthu pamene maso alephera ndi nambala. Mapu a oyendetsa ndege anagawidwa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse munalembedwa nambala yosonyeza kutalika kwa chinthu chachitali kwambiri m'deralo. Woyendetsa wosamala amatenga nambala imeneyo asananyamuke, n'kuwonjezerapo mafiti 2,000, n'kulemba papepala kuti pakati pa malo akuti ndi akuti satsika kupyola pamenepa, zivute zitani. Koma nambalayo imafunanso kuidziwa bwino. Chipangizo choyezera msinkhu chimene chili m'ndege zazing'ono zambiri sichiyeza mpata wa pakati pa ndege ndi nthaka. Chimayeza kulemera kwa mpweya n'kunena kuti muli mafiti angati pamwamba pa nyanja yamchere. Chikhoza kumasonyeza 4,500 mosatekeseka pamene nthaka ikukwera kudzakumana nanu. Chimanamanso ngati woyendetsa sanachichune mogwirizana ndi mpweya wa dera limene wafika, ndiponso kukazizira kwambiri chimasonyeza kuti ndege ili pamwamba kuposa pomwe ili, pafupifupi mafiti 4 pa 100 alionse kutentha kukatsika ndi madigiri 10 kuchoka pa mlingo wanthawi zonse. Pamwamba pa chigwa zimenezi sizidetsa nkhawa. Podutsa pamsana pa phiri ndi mpata wochepa, zikhoza kudya mpata wonsewo.

Mphepo nayo ili ndi gawo lake. Ikawomba phiri imakwera mbali imodzi n'kutsika mwamphamvu mbali inayo, ndipo mpweya wotsikawo utha kuposa mphamvu imene ndege ya injini imodzi ili nayo yokwerera, makamaka pamwamba pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo injini imachepa mphamvu. Masana mitambo yosalala yokhala pamwamba pa nsonga imachenjeza woyendetsa. Usiku saiona. Saonanso mtambo wamba mpaka atalowamo, ndipo akalowamo, khutu lam'kati, limene limatiuza ngati taima chilili kapena tapendekeka, limayamba kumunamiza. Ndege ikapendekeka pang'onopang'ono thupi silimva. Ikamawonjezera liwiro ponyamuka, thupi limamva ngati mphuno ya ndege yaloza kumwamba kwambiri, ndipo dzanja limafuna kuikankhira pansi. Mu 1954 a pa yunivesite ya Illinois anayesa oyendetsa 20 osaphunzira kuyendera zipangizo powatsekera kuti asaone kunja. Onse analephera kuwongolera ndege, ndipo nthawi yapakatikati imene anapirira inali masekondi 178.

Tisaganize kuti zimenezi zimagwera ophunzira okha. Pa 8 Novembala 2007, ndege ya Cessna 182 ya bungwe la Civil Air Patrol inanyamuka usiku ku North Las Vegas kulowera ku California. Oyendetsa ake awiri, tikaphatikiza maola awo a m'mlengalenga, ankapitirira 50,000. Ndegeyo inali yatsopano, yokhala ndi magalasi amakono otha kuonetsa mapu a mapiri. Ikadali kukwera, inawomba phiri la Potosi, lomwe ndi lalitali pafupifupi mafiti 8,500, ndipo onse awiri anamwalira. Phiri lomwelo ndi limene linapha anthu 22 mu Januwale 1942, pamene ndege ya kampani ya TWA inaliwomba usiku itangochoka ku Las Vegas. Luso la zaka zambiri limathandiza munthu kuchita bwino ndi zimene akuona ndi kumva. Pa phiri limene sakudziwa kuti lili kutsogolo, lusolo lilibe pogwira. Mu 2008 bungwe la NTSB linatulutsa chenjezo lapadera lokhudza ngozi zamtunduwu, zochitika usiku nyengo ili bwino, n'kunena poyera kuti n'zopeweka.

Chipangizo chothandiza chilipo. Ndege ya TWA ina itawomba phiri ku Virginia pa 1 Disembala 1974, boma la America linalamula kuti ndege zikuluzikulu zikhale ndi makina ochenjeza nthaka ikayandikira, omwe injiniya Don Bateman anathandiza kwambiri kuwapanga. Oyambirirawo ankangoyang'ana pansi pa ndege, moti phompho loima chilili ankalizindikira mochedwa. Amakono, otchedwa TAWS, amagwiritsa ntchito GPS ndi mapu a mapiri osungidwa m'kompyuta, ndipo amaona kutsogolo. Phiri likatsala sekondi makumi angapo, mawu amafuula m'makutu mwa woyendetsa kuti akweze ndege. Kuyambira mu 2005 makinawa ndi okakamiza ku America pa ndege za injini za turbine zokhala ndi mipando ya apaulendo 6 kapena kuposerapo. Aero Commander ya ku Mesa ija inali ya injini zoterozo, koma inalibe TAWS. Ofufuza anapeza kuti zaka 6 m'mbuyomo, ndegeyo ili m'manja mwa eni ake akale, lamba mmodzi wa pampando wakumbuyo anachotsedwa kuti malo a apaulendo awerengedwe asanu, lamulolo lisaikhudze. Ndikaganiza za lamba mmodzi ameneyo ndi ana atatu aja, ndimasowa mtendere. Ndege zambiri za injini imodzi lamuloli silizikhudza n'komwe, ngakhale masiku ano tabuleti wamba yokhala ndi pulogalamu ya oyendetsa ndege imatha kupaka phiri utoto wofiira pamapu.

Makina akachenjeza pamafunikabe munthu womvera. Ife a kuno kum'mwera kwa Africa tikukumbuka usiku wa pa 19 Okutobala 1986, pamene ndege ya Tupolev 134 yonyamula Pulezidenti Samora Machel wa Mozambique, pochokera ku msonkhano ku Mbala m'dziko la Zambia, inagwa ku Mbuzini m'mapiri a Lebombo n'kupha anthu 35. Imeneyo sinali ndege yaing'ono, ndipo mkangano wa chimene chinaipatutsa panjira, ngati kunali kulakwitsa kwa oyendetsa kapena chizindikiro chabodza cha wailesi, sunathe mpaka lero. Koma komiti ya Margo, imene inafufuza ku South Africa, inanena kuti makina ochenjeza analira kwa masekondi 32 ndege osakwezedwa, oyendetsa akukhulupirira kuti akutsikira ku Maputo. Ndipo chilonda cha ku Chikangawa cha pa 10 Juni 2024, pamene Dornier 228 ya asilikali inagwa ndi Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8, chikadali chachiwisi. Umo munali m'mawa, osati usiku, koma nkhungu ya pa Viphya imabisa mtunda mofanana ndi mdima.

Funso lotsala ndi lakuti, ngati njira yotetezeka ikudziwika, n'chiyani chimachititsa munthu wodziwa ntchito kuyenda m'munsi usiku? Yankho lomveka bwino lili pa phiri la Otay, kum'mawa kwa bwalo la Brown Field, pafupi ndi mzinda wa San Diego ku America ndi malire a Mexico. Phirili si lalitali kwambiri, ndi mafiti pafupifupi 3,570, ndipo lili makilomita ochepa chabe kuchokera pabwalopo.

Pa 16 Malichi 1991, cha m'ma 2 koloko usiku, ndege ya jeti yaing'ono yonyamula gulu loimba ndi Reba McEntire, woimba wotchuka wa ku America, inanyamuka pabwaloli, iye mwini mulibe. Woyendetsa anali ndi dongosolo la ulendo wa IFR, koma m'malo modikira chilolezo ali pansi anasankha kunyamuka pa VFR kuti akachitengere m'mwamba. Podikira chilolezocho anafuna kukhala m'munsi, kuti asalowe m'dera la ndege zikuluzikulu za ku San Diego. Asananyamuke anafunsa wa ku ofesi yolangiza oyendetsa ndege ngati angalowere kumpoto chakum'mawa ali pansi pa mafiti 3,000, ndipo ofufuza anapeza kuti mlangiziyo sanamufotokozere mokwanira za mapiri a kumeneko. Oyendetsa onse awiri derali sankalidziwa. Ndege inawomba pafupi ndi nsonga ya Otay, woyendetsa ali pawailesi kulongosola za chilolezo chija, ndipo anthu onse 10 anamwalira.

Patapita zaka 13, pa 24 Okutobala 2004, pakati pa usiku, ndege ya ambulansi ya Learjet 35A inanyamuka pabwalo lomwelo kubwerera ku Albuquerque. Nayonso inanyamuka pa VFR kuti ikatenge chilolezo m'mwamba. Inakhazikika pa mafiti pafupifupi 2,300 pofuna kukhala pansi pa mitambo. Woyang'anira pa radar analankhula nayo n'kuipatsa mbali yolowera, makina ake anamuchenjeza kuti ndegeyo ili m'munsi kwambiri, koma uthengawo sanaupereke kwa oyendetsa. Oyendetsawo anali atatopa ndi ntchito ya tsiku lalitali. Anthu asanu, oyendetsa awiri ndi azachipatala atatu, anafera pafupi ndi pamene inagwera ndege yoyamba ija.

Pa maulendo awiri onsewa palibe amene ankachita zamasewera. Anali anthu ofuna kusunga nthawi, kupewa kuphwanya lamulo la malire a m'mlengalenga, ndi kufika kwawo. Maganizo awo anali pa denga la pamwamba pawo ndi pa mawu a pawailesi, ndipo atamva woyang'anira akuwayankha, n'zosavuta kuti mtima unawauza kuti tsopano pali wina akuwayang'anira. Koma pa VFR, kumva mawu a woyang'anira sikutanthauza kuti iye watenga udindo wa mapiri, ndipo mpata wa kusamvetsetsana umenewu ndi umene wameza anthu ambiri.

Zimene oyendetsa osamala amachita sizifuna makina odula. Amadikira chilolezo cha IFR ali pansi, ngakhale patafunika kuimba foni ndi kukhala mphindi khumi injini ikulira. Bwalo likakhala m'chigwa, amazungulira pamwamba pake akukwera, magetsi a bwalolo akuwaona, mpaka atafika pa nambala ija analemba papepala, ndiyeno n'kuloza kumene akupita. Amasankha njira yotsata msewu waukulu ndi matauni ngakhale italike, amayang'ana kalendala ya mwezi monga amayang'anira za mvula, ndipo apaulendo akamawakakamiza kuti ntchito ikudikira mawa, amatha kunena kuti tinyamuka kukacha. Pabwalo la Brown Field pali njira yonyamukira yolembedwa m'mabuku a oyendetsa ndege, imene inalipo pa mausiku onse awiri aja. Imayamba yatembenuzira ndege kumadzulo, cha kunyanja, kuti ikwere kaye ili kutali ndi Otay, ngakhale ulendo wake utakhala wa kum'mawa.